Mafunso ndi Mayankho: Mwana wathu salira akagwa, koma amatsatira mlendo aliyense

FUNSO

Alangizi, ine ndi amuna anga ndife Amalawi okhala mumzinda wa Leeds ku Britain. Chaka chatha khoti lidatilola kutenga mwana wamwamuna kuti akhale wathu mwalamulo. Mwanayu adakhala kumalo osungira ana amasiye kwathu ku Malawi kuyambira ali ndi miyezi 2 mpaka atakwanitsa zaka 3, ndipo tsopano ali ndi zaka 4. Akagwa n'kusupuka bondo salira, komanso sathamangira kwa ine, koma tikapita kutchalitchi amakwera pamiyendo pa munthu aliyense. Tsiku lina adagwira dzanja la mayi wosamudziwa m'sitolo n'kuyamba kutuluka naye osacheuka n'komwe. Amabisa buledi pansi pa pilo, ndipo usiku amadzigwedeza yekha mpaka tulo titamugwira. Apongozi anga akuti ndi mwana wolimba mtima ndi wochezeka basi, pomwe amuna anga akuti tikumulekerera ndipo akufunika kakwapu. Ine mtima ukundiuza kuti pali china chake. Kodi ndikulakwitsa?

Mayi wodandaula, Leeds

YANKHO

Mayi, simukulakwitsa, ndipo ndikupempha bambo a kunyumba kwanu mwaulemu kuti kakwapu akunenako ayambe akaika patali, chifukwa zimene mwafotokozazi si makani ayi. Ndi zizindikiro zodziwika bwino za mwana amene thupi lake lidaphunzira, akadali khanda, kuti kulira sikubweretsa munthu.

Ndiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi pakagwa choopsa. Munthu akadzidzimuka kapena akamva ululu, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tating'ono tokhala pamwamba pa impso, ndipo tiziwaloti timatulutsa mahomoni (timadzi ta m'thupi tonyamula uthenga) amene amafulumizitsa mtima ndi kuwonjezera shuga m'magazi kuti munthuyo apeze mphamvu zothawira kapena zolimbana ndi vutolo. Imodzi mwa mahomoniwa ndi cortisol. Mwa munthu wathanzi cortisol imachuluka m'mawa, makamaka patatha mphindi pafupifupi 30 chidzukireni, kenaka imatsika pang'onopang'ono mpaka usiku. Pakachitika choopsa imakwera mwadzidzidzi, ndipo zinthu zikabwerera mwakale nayonso imatsika. Khanda silingathe kudzikhazika lokha mtima pansi, limadalira munthu wamkulu. Taonani zimene zimachitika kusikelo mwana akangobayidwa jakisoni wa katemera: amakuwa mpaka mawu kutha, mayi amamasula chitenje, kumufungatira, kumupatsa bere uku akumusisita kumsana ndi kumuyankhula motsitsa mawu, ndipo pasanathe mphindi zingapo kulira kuja kwasanduka kusisima, kenaka tulo. Zimenezi zikachitika kambirimbiri, usana ndi usiku, m'manja mwa munthu yemweyemweyo, thupi la mwana limaphunzira kukweza mahomoni pamene akufunika ndi kuwatsitsa vuto likadutsa.

Kumalo osungira ana ambiri pamodzi zimenezi n'zovuta, ngakhale osamalirawo atakhala anthu a mtima wabwino chotani. Mayi mmodzi amayang'anira makanda 10 kapena kuposa, amagwira ntchito mosinthana ndi anzake, ndipo nthawi ya phala ndi yosamba imatsata wotchi, osati kulira kwa mwana. Ndidafikapo pamalo ena otere, ndipo chimene sindidzaiwala ndi bata limene ndidapeza m'chipinda cha makanda. Anawo adali m'maso m'timabedi tawo, wina akuyamwa zala, wina akudzigwedeza atagwira zitsulo za bedi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wolira. Mlendo amene ndidali naye adayamikira kuti ndi ana ofatsa. Ine bata limenelo lidandiopsa, chifukwa chipinda cha makanda amene amayembekezera kuti wina abwera chimakhala chaphokoso.

Zambiri zimene zikudziwika pa nkhaniyi zidachokera ku Romania. M'chaka cha 1966 boma la Nicolae Ceaușescu lidaletsa kuchotsa mimba pofuna kuchulukitsa anthu m'dzikomo, umphawi udakula, ndipo pamene ulamuliro wake unkagwa mu Disembala 1989 ana oposa 100,000 adapezeka ali m'nyumba za boma zosungira ana, ambiri ali opinimbira ndi osatha kuyankhula. Mabanja a ku Britain, Canada ndi America adatenga ena mwa anawa, ndipo akatswiri adayamba kutsatira kakulidwe kawo. Mary Carlson ndi Felton Earls, poyeza malovu a ana amene adali akadali m'nyumbazo, adapeza kuti cortisol yawo sinkatsata dongosolo lija la kuchuluka m'mawa ndi kutsika madzulo. Kafukufuku wina wamkulu, wa Bucharest Early Intervention Project, amene adatsogozedwa ndi Charles Nelson, Nathan Fox ndi Charles Zeanah, adatsatira ana 136 a m'nyumbazo a miyezi 6 mpaka 31. Theka la anawa lidapititsidwa m'mabanja owalera ku Romania komweko, ndipo theka lina lidatsala m'manja mwa boma monga mwa nthawi zonse. Atafika zaka 12 adawayesa powaimika pamaso pa anthu achilendo kuti ayankhule ndi kuwerengetsera masamu pamtima, zomwe zimakweza cortisol mwa ana ambiri. Matupi a ana a gulu lotsala lija sadayankhe mokwanira, ngati galu wolondera amene adauwa usiku ndi usiku popanda womutulukira mpaka adangoleka kuuwa. Koma ana amene adalowa m'mabanja asanakwanitse miyezi 24 matupi awo adayankha mofanana kwambiri ndi a ana okulira kwa makolo awo. Choncho mwana wanu akagwa osalira musaganize kuti ululu sakuumva, iye sadaphunzire kupita nawo kwa munthu.

Mawu a apongozi anu ndikuwamvetsa, chifukwa kwathu mwana amakulira m'manja mwa anthu ambiri ndipo timanena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi manja ambiriwo amakhala omwewo tsiku ndi tsiku, a agogo, a azakhali ndi a achemwali ake, ndipo pali msana umodzi umene mwanayo amabwererako dzuwa likamalowa. N'chifukwa chake khanda la kumudzi likafika miyezi 8 kapena 9 limayamba kukana alendo n'kumabisa nkhope pachifuwa cha amake. Kukana kumeneko ndi chizindikiro chabwino, chifukwa kumasonyeza kuti mwanayo wadziwa ake ndi amene sali ake. Mwana wanu adakula akuona nkhope zosinthasintha, motero adaphunzira kuti munthu wamkulu aliyense amene wayandikira ndi wofunika kumugwira asanachoke. Khalidweli ndi loopsa pa chitetezo chake, monga mudaonera m'sitolo muja, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti ndi limodzi mwa makhalidwe amene amachedwa kutha, ngakhale mwa ana amene afika pokondana kwambiri ndi makolo awo atsopano. Mukaona akukumbatira mlendo musadziimbe mlandu kuti mwalephera kukhala mayi.

Kafukufuku amene akukhudza kwambiri banja lanu ndi wa ku Britain komwe muliko, amene adayambitsa Michael Rutter. Adatsatira ana 165 amene adachokera ku Romania pakati pa 1990 ndi 1992, kufikira atakwanitsa zaka 22 mpaka 25. Ana amene adakhala m'nyumba zosungira ana kosakwana miyezi 6 adakula mofanana ndi ana otengedwa ku Britain komweko. Amene adakhalitsa kuposa apo ambiri adavutika ndi kusakhazikika maganizo pa chinthu chimodzi, kuzolowera alendo mopyola muyeso ndi makhalidwe ofanana ndi a autism (vuto limene limalepheretsa mwana kucheza ndi kumvana bwino ndi anthu). Komabe nzeru za m'kalasi, zimene zidali zotsika kwambiri pofika, zidakwera mpaka kufanana ndi za anzawo atakula, ndipo mwana mmodzi mwa 5 aliwonse a gulu lokhalitsali sadasonyeze vuto lina lililonse nthawi yonseyo. Kumbukiraninso kuti nyumba za ku Romania zidali zoipa kwadzaoneni, kotero musatenge ziwerengerozi ngati chiweruzo pa mwana wanu.

Tsopano zoti muchite. Kwa miyezi ingapo chepetsani manja amene akumusamalira, kuti kudyetsa, kusambitsa, kugoneka ndi kutonthoza kukhale kwa inu awiri nokha. Afotokozereni anzanu a kutchalitchi, ndi apongozi omwe, kuti akafuna kukwera pamiyendo pawo amupatse moni wa pamanja n'kumuuza mokoma kuti, "Pita kwa amayi ako." Ena adzaona ngati mukuwamana mwana, koma mukawauza za tsiku la m'sitolo lija adzamvetsa. Akagwa musadikire kuti alire. Pitani, mugwade, mugwire bondolo, munene kuti, "Wapweteka mwanawe, bwera kuno," ngakhale iye ataoneka wosalabadira. Mukuchita tsopano zimene zidayenera kuchitika ali ndi miyezi 3, ndipo mudzazichita kambirimbiri asanayambe kubwera yekha. Ngati akulola, muberekeni kumbuyo ndi chitenje pamene mukugwira ntchito zopepuka m'nyumba, musaope kuti wakula, ndipo usiku mufukateni n'kumugwedeza nokha uku mukumuimbira, kuti kugwedezeka kumene ankadzipatsa yekha kuja kuchokere kwa inu. Za buledi musamukalipire. Mupatseni kambale kovundikira kokhala ndi chakudya chosawonongeka msanga, kakhale kake, ndipo nthawi ya chakudya isamasinthesinthe, chifukwa kubisa kumachepa mwana akatsimikiza kuti mawa kudzakhalanso chakudya. Akalakwa mudzudzuleni ali pafupi nanu. Kumukwapula kapena kumutsekera m'chipinda yekha kungatsimikizire thupi lake zimene lidaphunzira kale, kuti pa nthawi ya mavuto akuluakulu sathandiza.

Pitaninso naye kwa dokotala kuti akamuyeze makutu, maso, kuchepa kwa magazi, njoka za m'mimba ndi chifuwa chachikulu, komanso kuti azitsatira msinkhu wake. Madokotala oona ana otengedwa kumayiko ena adapeza kuti mwana amatsalira pa msinkhu ndi pafupifupi mwezi umodzi pa miyezi 3 iliyonse imene wakhala kumalo osungira ana, ndipo ngakhale ambiri amakula mofulumira akalowa m'banja, kukula kwa mutu kumachedwerapo. Funsaninso ku ofesi yoona za ana ya khonsolo ya dera lanu za thandizo la akatswiri a maganizo amene amaona mwana pamodzi ndi makolo ake. Pali mwayi umodzi umene muli nawo umene mabanja ambiri otenga ana kunja alibe, ndiwo Chichewa. Mwanayu wasiya anthu, zakudya, fungo ndi nyengo zimene ankazidziwa, ndiye musalole kuti asiyenso chiyankhulo. Muyankhuleni Chichewa pakhomo, Chingelezi adzachipeza kusukulu.

FUNSO

Alangizi, ine ndine Mmalawi wokhala ku Indiana m'dziko la America, ndipo akazi anga ndi a konkuno. Tidatenga mwana wamkazi kumalo osungira ana ku Ethiopia ali ndi zaka 2 ndi theka, dzikolo lisanaletse kutumiza ana kunja mu 2018. Ali wamng'ono sankaopa kanthu, mayeso kapena dokotala sizinkamudetsa nkhawa. Tsopano ali ndi zaka 12, watha msinkhu, ndipo wasintha. Akamapita kukayankhula pamaso pa anzake m'kalasi amanjenjemera, sachedwa kulira, ndipo wayamba kufunsa za amayi ake omubereka. Kodi zimene tidamanga zaka zonsezi zikugumuka?

Bambo wa ku Indiana

YANKHO

Bambo, sindikuganiza kuti zikugumuka, ndipo mwina zimene mukuonazo ndi thupi limene layamba kuyankha zinthu zimene kale linkangozidutsa. Megan Gunnar wa ku yunivesite ya Minnesota, amene watha zaka zambiri akufufuza ana otengedwa kumayiko ena, adafalitsa mu 2019 zotsatira za kafukufuku wa ana 299 a zaka 7 mpaka 15, ndipo 129 mwa iwo adakhalapo kumalo osungira ana ali aang'ono. Ankawayesa kamodzi pachaka, katatu konse, ndi mayeso aja oyankhula ndi kuwerengetsera masamu pamaso pa anthu achilendo, uku akuyeza cortisol m'malovu. Asanayambe kutha msinkhu, ana otengedwawo cortisol yawo sinkakwera mokwanira, koma pamene kutha msinkhu kunkapitirira idayamba kukwera mpaka kufanana ndi ya anzawo obadwira m'mabanja awo. Zikuoneka kuti pa msinkhu umenewu thupi limayesanso dziko limene likukhalamo n'kudzikonza mogwirizana nalo. Timati m'mera mpoyamba, ndipo n'zoona, koma kafukufukuyu akusonyeza kuti pali nyengo yachiwiri. Dziwani kuti ana amene adasintha chonchi ankakhala m'mabanja okhazikika ndi osamala, kutanthauza kuti zaka zikubwerazi khomo lanu likufunika bata kuposa kale.

Mwana amene sadazolowere kumva mtima ukugunda ndi manja akutuluka thukuta amatha kudabwa nazo n'kuganiza kuti wadwala. Mufotokozereni kuti umo ndi mmene thupi limakonzekerera chinthu chofunika, ndipo kuti zimatsika zokha. Muyeserereni pakhomo zimene akukayankhula m'kalasi, inu ndi amayi ake mukhale omvetsera, osamuseka kapena kumufulumizitsa. Komabe musazitenge mopepuka, chifukwa kafukufuku wa ku Britain amene ndatchula pamwambapa adapeza kuti nkhawa ndi kukhumudwa zidayamba kuonekera mochedwa, pamene ana aja ankalowa mu ukulu. Mukaona kuti sakugona, wasiya kudya, akukana sukulu kwa masabata, akudzivulaza kapena akunena zofuna kufa, pitani naye kwa dokotala tsiku lomwelo.

Mafunso a amayi ake omubereka musawaone ngati kusayamika. Mtsikana akamaona thupi lake likusintha amafuna kudziwa kuti akufanana ndi ndani. Muuzeni zoona zonse zimene muli nazo, musonyezeni mapepala ndi zithunzi ngati zilipo, ndipo musanyoze makolo akewo ngakhale pang'ono. Nkhani zotere zimayenda bwino mukakhala mukuyendetsa galimoto kapena mukuphika naye, kusiyana ndi kumukhazika pampando n'kumuyang'ana m'maso. Monga kwathu mtsikana amakhala ndi azakhali omulangiza, mupezereni mayi mmodzi wodalirika amene sadzasowa m'moyo wake, ndipo ngati pali Aithiopiya m'dera lanu, mulole adziwane nawo.

FUNSO

Alangizi, ine ndimagwira ntchito yosamalira makanda pamalo ena osungira ana amasiye m'chigawo chapakati. Anawa timawadyetsa bwino, amasamba, amalandira katemera, ndipo ena amatengedwa ndi mabanja akunja. Ndikamva kuti malo ngati athu amawononga ana mtima umandipweteka. Kodi ife tikulakwitsa chiyani?

Mayi wosamalira ana, Lilongwe

YANKHO

Mayi, ntchito yanu ndimailemekeza, ndipo vuto silili pa mtima wanu koma pa kayendetsedwe ka malo otere. Ku St Petersburg m'dziko la Russia ofufuza a ku yunivesite ya Pittsburgh, mogwirizana ndi anzawo a komweko, adayendera nyumba za makanda zimene zidali zaukhondo, za chakudya chokwanira ndi madokotala, koma adapeza kuti mwana mmodzi ankadutsa m'manja mwa osamalira oposa 50 asanakwanitse zaka 2, ndipo ana ankatsalirabe pa kakulidwe. Pa nyumba imodzi adasintha dongosolo. Adagawa ana m'timagulu ta 6 kapena 7, kagulu kalikonse adakapatsa amayi awiri okhazikika oti mmodzi azipezeka tsiku lililonse, adaleka kusamutsa ana kupita kuchipinda china akakula, ndipo adakhazikitsa ola la m'mawa ndi la masana loti mayi azingocheza ndi ana ake popanda alendo kulowa. Zotsatira zake, zimene zidafalitsidwa mu 2008, zidasonyeza kuti anawo adapita patsogolo pa nzeru, pa kucheza ndi anthu, ngakhalenso pa msinkhu ndi kulemera kwa thupi, chikhalirecho chakudya sichidasinthe. Nyumba imene idangophunzitsa antchito popanda kusintha dongosolo siidapindule kwenikweni.

Zambiri mwa izi sizifuna ndalama zochuluka. Kambiranani ndi akuluakulu anu kuti aliyense wa inu akhale ndi ana akeake, omwewo mwezi ndi mwezi. Podyetsa khanda linyamuleni ndi kuliyang'ana m'maso m'malo motsamiritsa botolo pa pilo, liitaneni ndi dzina, ndipo likalira pitani. Alendo obwera kudzathandiza kwa sabata imodzi kapena ziwiri apatsidwe ntchito yochapa, yophika ndi yokonza pamalo, chifukwa akamanyamula makanda n'kuchoka amawonjezera nkhope zosowa zimene anawo aziona kale zambiri. Malangizo a bungwe la United Nations a mu 2009 amanena kuti ana aang'ono, makamaka osakwana zaka 3, aziwasamalira m'mabanja, ndipo lamulo lathu losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limavomereza kuti mwana aleredwe ndi banja lina. Popeza ana ambiri a m'malo otere ali ndi kholo limodzi, agogo kapena azakhali amoyo amene chidawalepheretsa ndi umphawi kapena kusowa mkaka mayi atamwalira, gwirani ntchito ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu kuti khanda libwerere kwa abale msanga pamene kuli kotheka, ndipo thandizolo litsatire mwanayo kumudzi. Kwa mwana amene adzapite kunja, yambani lero kumulembera kabuku: tsiku limene adafika, amene adabwera naye, mudzi wake ndi mfumu yake, nyimbo imene imamugonetsa, chakudya chimene amakonda, ndi chithunzi chanu mutamunyamula. Akadzafika zaka 12 n'kuyamba kufunsa ngati mtsikana wa ku Indiana uja, makolo ake adzakhala ndi chomutsegulira.